Telefoni ya Malemu Amuna Anga

Telefoni ija a Celso anakaigula ku Tete mu 2011, chaka chimene Moatize anadzaza ndi anthu a zipewa zolimba ndi magalimoto a malasha. Tsiku limenelo ndinakalipa. Denga la khitchini linkadontha, iwo n'kubwera ndi kachinthu kakuda kokwana m'chikhatho, kodzaza timabatani ngati njere za mapira, n'kumandiuza kuti Inocência, iyi si telefoni wamba, ndi ofesi yathunthu. Ndinawauza kuti mvula ikabwera akabisale mu ofesi yawoyo.

Koma ntchito inkagwira, pamenepo sindinganame. Ife tinkasonkhanitsa tomato, kabichi, anyezi ndi kachewere kwa alimi a kuno ku Zóbuè, n'kumapereka ku khitchini ya kampani ina yophikira anthu a mumgodi ku Moatize. Wogula zinthu kumeneko anali Dona Gizela, mayi wa ku Beira. Poyamba a Celso ankakwera shapa, minibasi za kuno, kutsika kukangofunsa zimene zikufunika, kapena ankaimba, mawu n'kumaduka, tsiku lopereka n'kuyamba kukangana kuti ndinati anyezi, ayi munati kabichi. Telefoni itabwera zonsezo zinatha. Dona Gizela ankalemba pa kompyuta yake, kalatayo n'kugwera m'thumba la malaya a amuna anga, kanyali kofiira n'kuyamba kuphethira. Iwo ankawerenga mokweza, ine n'kumanga nsalu kupita m'madimba. Wodziwa kuti tomato wa mayi uyu amalimba panjira, wa bambo uyo amafewa msanga, ndinali ine. Wosankha ndi kulongedza ndinali ine. Iwo ankajambula katunduyo ndi telefoni yomweyo, kutumiza chithunzi, kuyankha ndi zala ziwiri zazikulu, ndipo pansi pa kalata iliyonse telefoniyo inkaika yokha dzina lawo. Lachisanu lililonse a Momade, mwini karinya, galimoto yoyera yonyamula katundu ya matayala otha, ankatsitsa katundu ku Moatize.

Zoipa zake nazo zinali zambiri. Bateriya inkatha dzuwa lisanapendeke, pamene yanga yaing'ono ya tochi imagona masiku osaifunsa. Pakati pake panali kampira kosunthira zolemba, ndipo kankadya fumbi mpaka kuuma gwa. Nthawi zina telefoni yonse inkangoima ngati bulu wokana katundu, mpaka aitsegule kumbuyo, achotse bateriya, abwezeretse, adikire. Choipitsitsa chinali redi, ndiye kuti netiweki. Kuno tili pamalire, ndiye telefoni ija inkathawira ku redi ya ku Malawi, ndipo ikapita uko makalata sankalowa. Tsiku lathunthu kapena awiri zii. A Celso ankakwera pathanthwe la kuseri kwa tchalitchi ataikweza m'mwamba ngati wansembe wanyamula ukaristia, makalata n'kukhuthuka onse pamodzi. Tinazolowera kuti telefoni ikakhala chete ndiye kuti ndi redi basi.

A Celso anadwala chifuwa m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Tinapita nawo kuchipatala, sanabwereko ndi miyendo yawo. Anandisiya ndi mwana wathu Délcia ndi mng'ono wake woyamwa.

Tsiku logawa katundu, atsibweni awo a malemu anayala mphasa pabwalo, n'kuikapo jekete, nsapato za ku tchalitchi, njinga, wailesi ndi telefoni. Kenako anaimiritsa Alcides, mng'ono wawo wa a Celso. Ameneyo sindimupatsa ulemu polemba pano, ndipo ndikudziwa chimene ndikuchita. Anamuveka jekete n'kuuza anthu kuti musalirenso, Celso sanapite, Celso ndi uyu, ana aziti atate kwa uyu. Mawu amenewo amanenedwa pamaliro ambiri, aliyense amadziwa kuti ndi opukutira misozi. Alcides yekha ndiye anawameza ndi mafupa omwe.

Ataipereka telefoni m'manja mwake ine ndinalankhula. Ndinati njinga atenge, wailesi atenge, nsapato avale ngati zimukwana, koma iyo ndi mphika wa ana anga, chifukwa ntchito yonse ya ku Moatize imalowera mmenemo. Atsibweni anati wamasiye salankhula pa mphasa ya katundu. Alongo awo a malemu anafunsa ngati ine wa kwarta klasi, wolekezera sukulu kalasi yachinayi, ndingalembe Chipwitikizi choti mzimayi wa mu ofesi awerenge osaseka. Alcides anati ndisade nkhawa, ana adya, iye ndiye bambo tsopano. Anandiuzanso kuti ndikhale pakhomo ndi nsalu zanga zakuda, kumsika ayi, m'madimba mwa anthu ayi, mpaka tsiku limene abale a mwamuna adzandisudzule.

Ndinakhala. Ndinkamuona akudutsa pamsewu atavala jekete la amuna anga, telefoni atapachika palamba, akuitulutsa pamene pali anthu ngakhale kanyali kasanaphethire. Zala zake n'zonenepa kuposa za mkulu wake, ndiye ankabaya timabatani ndi chikhadabo cha kachala kakang'ono chimene anachisunga dala. Karinya ya a Momade inkatsikabe Lachisanu lililonse. Kunyumba kwa Alcides anakhoma malata atsopano, mkazi wake Piedade anayamba kudzola tsitsi ku saluni ya pamalire. Kwa ine kunkabwera beseni la tomato wobwezedwa ku Moatize, wophulika, ntchentche zili ng'waa. Ameneyo ndiye anali bambo wa ana anga.

Ine ndinkaganiza kuti Dona Gizela anauzidwa za maliro ndipo anangovomera kugwira ntchito ndi mlamu wanga. Zinkandiwawa, koma ndinkati ndi mmene alili anthu a mu ofesi, bola kabichi afike.

Loweruka lina a Momade anaimitsa karinya pakhomo panga, anatsitsa beseni lija, koma sanapite. Anakhala pachitsa n'kumatembenuza kofiya wawo m'manja. Kenako anatulutsa kabotolo ka uchi. Anati Dona Gizela anawapatsa kuti akapatse a Celso, azinyambita ndi ndimu, pakhosi pachire msanga chifukwa wasowa mawu awo. Ndinawafunsa kuti Celso wake uti. Anayang'ana pansi. Anati Alcides anawaletsa kunena za maliro. Makalata amayankha iye, dzina la pansi limatuluka la a Celso monga kale, ndipo Dona Gizela akaimba iye sayankha, amangolemba kuti redi yavuta kapena pakhosi patupa. A Momade anati iwo ndi munthu wopemphera, kunyamula tomato angathe, koma uchi wa munthu amene ali m'manda sangaupereke kwa wina.

Sindinalire. Ndinaika uchi pawindo n'kumauyang'ana mpaka mwana analira njala.

Lolemba ndinasiya ana kwa mchemwali wanga, ndinakwera shapa ndi nsalu zanga zakuda zomwezo. Mayi wina wa ku tchalitchi kwathu anandiona pa siteji n'kufunsa ngati andisudzula kale. Ndinamuuza kuti ndadzisudzula ndekha. Kutsika kuchoka ku Zóbuè mphepo imatha pang'onopang'ono, ukafika ku Moatize umakhala ngati wakhala pafupi ndi ng'anjo ya njerwa. Nsalu yakuda pa dzuwa limenelo ndi chilango. Pageti la kampu ya kampani ija mlonda anandikaniza kulowa, anati ndilibe khadi. Ndinamuuza kuti akauze Dona Gizela kuti mkazi wa Celso wa ku Zóbuè ali panja, ndipo sachoka.

Anatuluka akumwetulira, mayi wamfupi wa magalasi, atavala kansalu koyera kumutu. Ataona zovala zanga anachepetsa liwiro. Anandifunsa m'Chisena chake kuti ndani watisiya, mayi anga kapena. Ine ndinayankha m'Chinyungwe changa chosweka, tinamvana.

“Amuna anga, Dona. A Celso. Tinawaika m'nyengo yozizira ija.”

“Iyayi, mama. Celso wandilembera dzulo.”

“Ndiye akulemberani ali pansi pa dothi, chifukwa ine ndinaponyapo ndi dzanja langali.”

Ndinamupatsa uchi wake. Anakhala pabenchi la mlonda, magalasi anavula. Anati miyezi yonseyi wakhala akucheza ndi munthu ameneyo m'makalata, kumuseka za timu yake ya mpira, kumuuza za mwana wake amene akudwala ku Beira. Anati anadabwa kuti zolemba zayamba kufupika ndipo tomato wayamba kubwera wosasankha, koma anati kaya ndi matenda. Kenako anandiuza chimene chinandimaliza. Sabata yapitayo anafunsa za ine, ndipo yankho linati mayi ali bwino, anenepa, akupereka moni.

Ndinamuonetsa mikono yanga kuti aone kunenepako.

Dona Gizela anakwiya ngati mmene amakwiyira anthu ophunzira, mwakachetechete. Anati pangano la kampani linali ndi Celso, Celso kulibe, ndiye pangano kulibe. Anati magalimoto ozizira ochokera kum'mwera akumuvutitsa kale kuti azigula kwa iwo. Apo ndinaona kuti ndagwetsa mphika ndi dzanja langa. Ndinamuuza mosapita m'mbali kuti tomato amene ankamuyamikira kale ankasankhidwa ndi ine, a Celso ankangolemba. Ndinati andiyese Lachisanu limodzi, akaona chovunda ngakhale chimodzi andithamangitse ndi agalu. Anafunsa ngati ndili ndi telefoni ya makalata. Ndinatulutsa yanga ya tochi, yomanga ndi mphira. Anaseka koyamba, kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti makalata watopa nawo, kuyambira lero akufuna kumva mawu a munthu amene akugula naye. Ananditchulira zofunika, ine ndinazibwereza mpaka zinakhala m'mutu. Zinali zochepa kuposa za kale. Anati zina zidikire aone kaye.

Kenako anaimirira kuti akalembere Alcides, amuuze kuti wadziwika ndipo asadzapondenso pageti. Ndinamugwira dzanja.

“Musamulembere, Dona.”

“Ndisamulembere bwanji? Adziwe.”

“Adziwa. Inu mungokhala chete. Akalemba musayankhe. Munthu wakufa simumuyankha.”

Dona Gizela anati iye alibe nawo mawu munthu ameneyo, ndipo ngati ndikufuna choncho, zili kwa ine.

Ndinkadziwa chimene ndikupempha. Telefoni ija siingakuuze kuti munthu wasiya kukulembera. Ikakhala chete imangofanana ndi tsiku lililonse limene yathawira ku Malawi. Ndipo Alcides sakanaimba kuti afunse, chifukwa mawu ake si a mkulu wake. Anadzitsekera yekha m'khola, ine ndinangokankhira mtengo pachitseko.

Sabata imeneyo ndinadya bwino koyamba chichokereni maliro. Lachiwiri ndinamuona akukwera thanthwe la kuseri kwa tchalitchi, dzanja m'mwamba. Lachitatu anakwera kawiri, kachiwiriko dzuwa lili paliwombo, jekete ali chivalire. Anachotsa bateriya, kuipukuta pa thalauza, kuibwezera. Anauzira kampira kaja mpaka masaya kutupa. Anapita nayo kwa wokonza matelefoni pamsika wa pamalire, amene anaitsegula ndi kampeni n'kumuuza kuti ilibe vuto. Iye anati wokonzayo ndi mbuli, sadziwa matelefoni a mabwana.

Ine m'mawa uliwonse ndinkazembera m'madimba a kumtsinje. Amayi amene ndinkagula kwa iwo kale anandilandira, chifukwa Alcides ankawalankhula ngati antchito ake. Ndinawauza kuti Lachinayi madzulo abweretse kwa ine, osati kwa iye, ndipo pakamwa atseke. A Momade ndinawauza kuti asankhe amene amunyamulire. Anati asankha kale tsiku la uchi lija.

Lachitatu lomwelo madzulo Alcides anabwera pakhomo panga, chinthu chimene sanachite chigawireni katundu. Anaima patali, anandipatsa moni wa alamu mwaswera bwanji, anafunsa za ana osawayang'ana. Kenako anafunsa, ngati nkhani yongodutsa, kuti kodi achimwene ankatani telefoni ikakhala masiku osalandira kanthu.

“Ankadikira, alamu. Makalata amabwera onse pamodzi.”

“Ngakhale masiku atatu?”

“Inu ndinu a Celso tsopano. Mukufunsa ine wa kwarta klasi?”

Anaseka mokakamiza n'kupita. Sindinamunamize. Amuna anga ankadikiradi.

Lachinayi kanyali sikanaphethire. Alcides anaganiza monga ndinkayembekezera, kuti anthu a mumgodi sasiya kudya chifukwa cha redi, ndipo Lachisanu ndi Lachisanu. Posadziwa chimene chikufunika, anagula chilichonse, chambiri, kuti asaperewere. Ataona kuti amayi a kumtsinje akuti zathu zatha, anapita kwa alimi a kumtunda n'kutenga tomato wakupsa kale, amene ine sindikanamukhudza. A Momade atamuuza kuti karinya yafa, anabwereka lole ya munthu wa ku Mwanza.

Ife tinanyamuka kukucha, katundu wochepa, wosankha mmodzimmodzi, wofunditsa masamba a nthochi. Tinafika ku Moatize kusanatenthe. Dona Gizela anatuluka yekha, anafinya tomato apa ndi apo, anang'amba kabichi mmodzi pakati n'kununkhiza, n'kuuza anyamata ake kuti alowetse. A Momade anafuna kuti tizibwerera. Ndinawauza kuti aimike karinya pamthunzi wa mpanda, ndili ndi munthu woti ndimuone.

Lole inafika dzuwa litakwera, madzi ofiira akudontha kale kumbuyo. Alcides anatsika, anakonza jekete, anapita kwa mlonda telefoni ili m'manja. Ndinamumva ndi makutu anga akunena kuti katundu wa Celso wa ku Zóbuè wafika. Mlonda anaimba mkati. Dona Gizela anabwera mpaka pa waya, geti sanatsegule. Anamufunsa kuti iye ndi ndani. Alcides anati ndi Celso, ndiye kuti m'malo mwa Celso, ndiye kuti kwathu mkulu akapita mng'ono amakhala yemweyo, akuluakulu anatero pamaso pa anthu. Ankalankhula akuonetsa telefoni ngati chitupa. Dona Gizela anati Celso ankamudziwa, anali munthu waulemu, ndipo anamva za imfa yake mochedwa, kwa mkazi wake. Anati sanaitanitse kanthu sabata ino kwa munthu wina aliyense kupatula mayi ali apoyo. Anandiloza n'kubwerera mkati.

Alcides anatembenuka. Nkhope yake sindidzaiiwala, ndipo sindikufuna kuiiwala. Anabwera pamene ndinakhala, kumbuyo kwa karinya, ndikusenda nthochi.

“Alamu, mwandichita chiyani?”

“Ndakuchitani chiyani? Ndabwera kudzagulitsa tomato.”

“Katundu yenseyu ndimutani? Si wanga, ndi wa anthu.”

“Alembereni kalata. Telefoni muli nayo.”

Anayamba kunena za magazi amodzi, za ana amene ndi akenso, za kuti tikanakambirana kunyumba ngati anthu. Ndinamufunsa kuti ndi tsiku liti limene ananenepetsa ine. Sanamve, ndiye ndinabwereza pang'onopang'ono, kuti munalemba m'dzina la amuna anga kuti ndanenepa, ndikupereka moni, pamene ana anga akudya tomato wa ntchentche. Mwini lole anayamba kuliza hutala kuti amutsitsire katundu, ali ndi ulendo wina.

Anakatsitsa m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi pokwerera shapa. Dzuwa la Moatize silichedwa ndi tomato wakupsa. Magalimoto a malasha ankadutsa n'kumuwaza fumbi lakuda, amayi a pamsika anamuzungulira n'kumatchula mitengo yomuseka, mbuzi zikukoka kabichi kumbuyo kwake. Ndinauza a Momade kuti adutse pamenepo pang'onopang'ono. Anati mama, zakwana. Ndinati sizinakwane, adutse. Anadutsa.

Kumudzi alimi a kumtunda anamukhalira pakhomo mpaka anagulitsa njinga ndi malata ena aja. Atsibweni ananditumizira mawu kuti ndachititsa manyazi banja, ndayenda ndisanasudzulidwe, ndipo mwambo wanga auimitsa mpaka ndikapepese. Ndinabweza mawu kuti Lachisanu ndimakhala ku Moatize, masiku ena ndimakhala m'madimba, akapeza tsiku limene ndilibe ntchito andiuze.

Dona Gizela anayamba kuimba Lolemba lililonse. Mwezi usanathe anawonjezera anyezi, kenako kachewere. Ntchito sinabwerere yonse mmene inalili nthawi ya a Celso, gawo lina magalimoto ozizira aja anatenga ndithu, koma yotsalayo ndi yanga, ndipo Délcia anabwerera ku sukulu ndi nsapato.

Mvula itayandikira Piedade anabwera m'mawa ndikulongedza. Anagwada pakhonde, tsitsi litabwerera mwakale. Anati kabichi wawo wakhwima m'dimba, alibe kogulitsa, ndimutengeko ngakhale pang'ono pamodzi ndi wa anthu ena, iye sanalakwe kanthu. Ndinamufunsa ngati ankadziwa dzina limene mwamuna wake ankalembera. Anayang'ana pansi. Ndinamuuza kuti kabichi wa m'dimba limenelo sadzakwera karinya imene ine ndakweramo, chaka chino kapena china chilichonse, ndipo asunthe pakhondepo chifukwa amayi a kumtsinje akubwera ndi madengu, malo achepa.